TPC ya pa WhatsApp ndi ya ana a eni mafoni okha

 Nkhani ya lero ndi yaitali, choncho amene mamega akuwathera aisunge kaye, adzawerenge akapeza mpata.

Loweruka lapitali tinali pa msonkhano wa aphunzitsi a ZIP yathu. Tinalandira mlendo, mnyamata wophunzira bwino ndiponso waulemu, amene anabwera kudzationetsa njira zamakono zophunzitsira. Dzina lake ndi kumene anachokera sinditchula, chifukwa mlandu wanga suli ndi iye. Uli ndi maganizo amene anabwera nawo, ndipo maganizowo ndawamva kale kwa ena ambiri. Anati kalasi iliyonse, kuyambira yoyamba mpaka yachisanu ndi chimodzi, ikhale ndi gulu la WhatsApp, ndipo TPC izitumizidwa kumeneko. Anati sukulu itsegule tsamba la Facebook loikapo zithunzi ndi mavidiyo a ana akuwerenga. Anatinso ana a makalasi apamwamba tiwathandize kutsegula maakaunti awoawo kuti azitsatira masamba a maphunziro. Pomaliza ananena kuti mphunzitsi wokana zimenezi ndi wotsalira.

Ndinakweza dzanja n'kunena kuti wotsalirayo ndine. Anthu anaseka, nthawi inali itatha, ndipo anzanga ochokera kutali ankafuna kupalasa njinga dzuwa lisanalowe. Zimene sindinathe kunena m'chipinda muja ndinene pano.

Ine si mdani wa foni. Mukundiwerenga pa Facebook pompano. Ndalama za amayi kumudzi ndimatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo zambiri za kaphunzitsidwe ka zilankhulo ziwiri ndazitola m'magulu a WhatsApp mmene muli aphunzitsi a ku Angónia, Macanga ndi Tsangano. Amene akufuna kundiyankha kuti ndikuopa zamakono asavutike kulemba. Funso langa ndi lakuti, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene akuphunzira kumene kugwira pensulo, masamba a mchezo amupatsa chiyani, nanga amulanda chiyani?

Tiyambe ndi foni imene tikuikambayo. Ndi ya yani? Lolemba m'mawa ndinafunsa ana a m'kalasi mwanga, kalasi yachiwiri, kuti amene kwawo kuli foni yolowa pa WhatsApp akweze dzanja. M'kalasi ya ana oposa 60, manja sanakwane khumi. Ndinafunsanso kuti amene foniyo imakhala pakhomo madzulo alionse asiye dzanja m'mwamba. Anatsala anayi, ndipo ndikuwadziwa: awiri makolo awo amagwira ntchito pa chipata cha malire, mmodzi kwawo ali ndi golosale, wina ndi mwana wa mphunzitsi mnzanga. Kwa enawo foni ndi ya bambo, ndipo bambo ali kudimba, ali ku fodya, ali kokumba golide, kapena ali pamsewu kusinthitsa makwacha ndi mametikali kwa madalaivala a magalimoto akuluakulu opita ku Beira. Amafika usiku batire litafa. Makomo ambiri ali ndi kafoni ka mabatani kaja timati bombinha, kongoimbira ndi kulandirira ndalama. Makomo ena alibe n'komwe.

Ngakhale kumene foni ilipo, siyenda ndi mphepo. Kutchaja pa sola ya mnansi n'kolipira. Mamega n'ogula. Chithunzi chimodzi cha tsamba la kope sichidya zambiri, koma gulu la makolo 60 limene aliyense akuponyamo moni wa m'mawa, vidiyo ya kwaya ndi uthenga wa maliro limamaliza mamega a sabata pa tsiku limodzi. Ndiye pali netiweki. Ife tili pa malire. Ukangosendera cha ku Chanida foni imatha kugwira netiweki ya ku Zambia, ukalowa m'midzi ya kutali ndi msewu wa N9 umachita kukwera pachulu kuti uthenga utuluke. Zimenezi mlendo wathu sakanazidziwa, poti anagona usiku umodzi pafupi ndi nsanja ya netiweki n'kubwerera ku mzinda wa Tete, mtunda wa makilomita oposa 250.

Tsono taganizani chimene chimachitika TPC ikapita pa WhatsApp. Ana anayi aja aiona, ailemba, abwera nayo mawa. Enawo abwera chimanjamanja. Ine ndichonga anayiwo n'kukalipira otsalawo, kapena ndingosiya osachonga aliyense, ndiye kuti TPC yafa. Kumapeto kwa chaka tidzanena kuti ana a pa malire ndi anzeru, a m'midzi ndi aulesi, pamene kusiyana kwawo ndi foni ya bambo basi. Boma linachotsa ndalama zolembetsera ana ku pulayimale zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo. Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 likunena kuti mwana aphunzire mokakamizidwa ndiponso osalipira kulembetsa mpaka kalasi yachisanu ndi chinayi. Buku la sukulu limabwera litalembedwa pachikuto kuti ndi laulere, losagulitsa. Zonsezi zinachitika kuti mwana wa mlimi akhale pa benchi limodzi ndi mwana wa wamalonda. Mphunzitsi wotumiza TPC pa foni wabwezeretsa fizi ija mwakachetechete, kungoti tsopano ikulipiridwa kwa wogulitsa mayunitsi.

Ndipo tisamalankhule ngati sitinayesepo. Tinayesa. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse za m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo ana a makalasi ang'onoang'ono anakhala kunyumba pafupifupi chaka chathunthu. Maphunziro ankaulutsidwa pa TVM ndi pa Rádio Moçambique, ife aphunzitsi tinkakonza mafisha oti makolo azidzatenga kusukulu, ndipo ambiri tinatsegula magulu a WhatsApp. Langa ndinalitsegula ndi mtima wonse. Ndinkajambula bolodi, ndinkatumiza mawu anga ndikuwerenga zilembo. Ankayankha anali makomo omwe aja, osakwana zala za dzanja limodzi. Ntchito zina zimene ankanditumizira zinali zolembedwa bwino kwambiri moti ndinkadziwa kuti walemba ndi mkulu wake wa ku sekondale. Titatsegulira mu 2021, ana amene anabwera akukumbukirabe zilembo anali amene mafisha apepala anawafika ndipo pakhomo panali wina wowakhazika pansi, komanso amene ankamvera wailesi, poti wailesi ya ku Tete imalankhula Chinyanja ndipo siifuna mamega. Mtsikana wina amene ndinamusiya akuwerenga mawu a zilembo zinayi anabwera atayiwala kulemba dzina lake. Amayi ake anandiuza kuti, “Aphunzitsi, timangomva kuti mukuphunzitsa pa foni, ife tinkangoti zatipitirira.” Mawu amenewo sindinawaiwale. Amene akutiuza lero kuti njira ija ndiyo tsogolo atiuze kaye chimene chasintha m'midzi yathu kuyambira 2020.

Tibwere pa msinkhu. Facebook, Instagram, TikTok ndi WhatsApp, eni ake analemba okha m'malamulo awo kuti wotsegula akaunti akhale wa zaka 13 kapena kuposa. Kuno mwana amayamba kalasi yoyamba ali ndi zaka 6, ndipo pulayimale ili ndi makalasi asanu ndi limodzi. Werengani nokha. Mwana amene sanabwereze amamaliza pulayimale ali ndi zaka 11 kapena 12. Inde, tili nawo ena akuluakulu amene anayamba mochedwa, koma lamulo la sukulu silimangidwa pa iwowo. Kuti mwana wa kalasi yachisanu akhale ndi akaunti, wina ayenera kunama chaka chake chobadwa. Mlendo wathu akufuna kuti wonamayo akhale ine. M'mawa ndiphunzitse kuti bodza ndi loipa, masana ndigwire dzanja la mwana kuti tilembe kuti anabadwa zaka zitatu asanabadwe. Makampani amene amapeza ndalama anthu akachuluka pa masamba awo anena okha kuti mwana wa msinkhu uwu asalowe. Ife amene tinapatsidwa ana kuti tiwasamale ndiye tikhale owakankhira mkati?

Pali nkhani ina imene pa msonkhano paja aliyense anaiweramira. Gulu la WhatsApp limaonetsa nambala ya aliyense kwa aliyense. Mtsikana wa kalasi yachisanu ndi chimodzi akalowa m'gulu, nambala imene akugwiritsa ntchito yafika kwa anyamata onse a m'kalasi, kwa achimwene awo amene amabwereka mafoniwo, ndi kwa aliyense amene angapatsidwe. Tikukhala pa tauni ya malire pamene magalimoto amagona masiku akudikira mapepala, ndipo tonse tikudziwa atsikana amene sukulu inawathera pamsewu pomwepa. Dziko lino linachita kukhazikitsa lamulo nambala 19/2019 loletsa kukwatiwitsa ana osakwana zaka 18 chifukwa vutoli ndi lenileni. Ndinenenso chowawa cha ife eni ake. Si mphunzitsi aliyense amene ndingamukhulupirire kuti azilemberana ndi mwana wanga wamkazi usiku. M'kalasi muli maso 60, zenera lili pululu, akulu a sukulu amadutsa. Pa foni palibe woona. Sukulu ikalamula kuti mphunzitsi ndi mwana azilankhulana pa WhatsApp, yatsegula khomo limene sidzatha kulilondera, ndipo zikadzavuta mwanayo ndi amene adzauzidwe kuti anayamba dala.

Nanga zithunzi zija? Akuti tiziika ana pa tsamba la sukulu kuti anthu aone kuti tikugwira ntchito. Amene tikufuna kuti aone ndi yani? Makolo a anawo ambiri sali pa Facebook. Ndiye kuti tikuonetsa kwa akuluakulu a m'maofesi ndi kwa anzathu a kutali kuti atiyamikire. Mwana amene wajambulidwa akulephera kutchula mawu, malaya atang'ambika paphewa, sanavomere, ndipo amayi ake sanafunsidwe. Vidiyo ikatuluka siibwerera. Wina aitenga, aikapo nyimbo yoseketsa, ndipo mawa mwanayo ali ndi dzina latsopano pamsika. Taziona zikuchitikira akuluakulu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, timatero. Amene sangaike vidiyo ya mwana wake akuchita chibwibwi pa bolodi asaike ya mwana wa mnzake.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwambiri ngati mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri. Foni imalankhula chilankhulo chanji? Tsegulani yanu muone. Mabatani ake ali m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Kalembera wa 2017 anapeza kuti m'dziko muno anthu pafupifupi 17 okha pa 100 alionse ndi amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo choyamba, ndipo pafupifupi 8 pa 100 anayamwira Chinyanja. Kuno ku Chifunde mwana wofika kalasi yoyamba akudziwa Chipwitikizi ndi wosowa. Amafika ndi Chinyanja chathunthu, chodziwa kufunsa, kukana, kusimba nthano ndi kuwerenga mbuzi za kwawo. Kwa zaka zambiri sukulu inkamulanda chimenecho pakhomo penipeni, n'kumukhazika chete zaka zitatu akubwereza mawu amene sakuwamva. Ambiri a ife tinadutsa m'moto umenewo.

Kuti Chinyanja chilowe m'kalasi panali ntchito. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zilankhulo zimene zinasankhidwa zinali ziwiri zokha: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja kuno ku Tete. Amene anaunika ntchitoyo anapeza ana akuyankha ndi kufunsa m'kalasi momasuka, zimene m'makalasi a Chipwitikizi chokha zinali zosowa. Kuyambira 2003 njirayi inalowa m'sukulu za boma. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pa gawo 9, akunena kuti boma limalemekeza zilankhulo zathu ngati chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Zaka zonsezi takhala tikuchonderera makolo kuti akhulupirire kuti mwana woyamba kuwerenga m'chilankhulo chake amadzagwira bwino Chipwitikizi pambuyo pake. Ena angoyamba kumene kutikhulupirira. Ndiye lero tiwauze kuti maphunziro enieni ali pa foni, kumene pafupifupi chilichonse chokonzedwera ana chili m'Chipwitikizi cha ku Brazil kapena m'Chingerezi? Kholo lidzamva uthenga umodzi wokha, wakuti Chinyanja n'cha pa bolodi losweka, zinthu zapamwamba zili m'chilankhulo china.

Wina anena kuti Chinyanja chilipo chambiri pa Facebook. N'zoona, ndipo ndimasangalala nacho. Koma taonani kalembedwe kake. Buku la mwana wanga wa kalasi yachiwiri limatsata kalembedwe kamene akatswiri a NELIMO ku Universidade Eduardo Mondlane anagwirizana pa misonkhano ya 1988, 1999 ndi 2008. M'bukumo timalemba Cinyanja, cakudya, cimanga, ndi c yekha. Ku Malawi amalemba Chichewa, chakudya, chimanga. Google Translate, imene inalandira Chichewa mu 2014, imatsata kalembedwe ka ku Malawi. Ine pano ndikulemba ndi ch chifukwa ambiri a inu muli ku Malawi ndipo ndi kamene maso anu anazolowera, koma pa bolodi ndimalemba c. Ine ndi inu tikhoza kudumpha uku ndi uku osagwa, poti tinaphunzira kale kuwerenga. Mwana amene akulimbana kumene ndi kusiyanitsa b ndi d sangathe. Onjezani pamenepo kalembedwe kathu kofupikitsa, bwnj, zkm, ndl bwn, kosakaniza ndi Chingerezi ndi Chipwitikizi m'chiganizo chimodzi. Kwa akuluakulu ndi macheza abwino. Kwa mwana wophunzira kuti chilembo chilichonse chili ndi liwu lake, ndi chisokonezo. Ndi mavawelo omwe aja amene timawameza pa foni amene ndimatha nawo miyezi itatu m'kalasi yoyamba.

Kuwerenga kumaphunziridwa pang'onopang'ono, ndipo njira yake ndi yotopetsa. Mwana amamva liwu, amaliona pa bolodi, amalilemba ndi chala pamchenga, kenako ndi pensulo m'kope, amalakwitsa, ndimamugwira dzanja, amabwereza. Mawa timabwerezanso. Chimene ndikumanga mwa iye ndi mphamvu yokhala pa mzere umodzi mpaka ataumva. Masamba a mchezo anapangidwira zosiyana ndi zimenezo. Eni ake amapeza ndalama kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa amalipira malinga ndi nthawi imene maso athu akhala pa foni. Choncho makina ake amaphunzira chimene chimakugwira, n'kumakupatsa china chisanathe choyamba. Ine ndemwe, bambo wa imvi, ndimalowa kuti ndiyankhe uthenga umodzi n'kudzidzimuka ola latha ndikuonera mpira ndi anthu ovina. Ndiye ndimupatse mwana wa zaka zisanu ndi zitatu foni n'kumuuza kuti aone TPC yokha? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mlendo wathu anali ndi mfundo ziwiri zimene sindingazinyoze, ndipo ndiziyankhe mwaulemu. Yoyamba ndi yakuti dziko lasintha, ndipo mwana wa ku Cassacatiza asatsalire pamene wa ku Maputo akuthamanga. Achimwene, mantha amenewo ndili nawo inenso. Koma onani kumene othamangawo alowera. France inaletsa mafoni m'sukulu za pulayimale ndi za sekondale yoyambirira mu 2018. Brazil, kumene timatengako mavidiyo ambiri a Chipwitikizi, inakhazikitsa lamulo mu Januwale 2025 loletsa ana kugwiritsa ntchito mafoni kusukulu kupatula pamene phunziro lenilenilo likufuna. Nyumba ya malamulo ya Australia inavomereza mu Novembala 2024 kuti ana osakwana zaka 16 asakhale ndi maakaunti pa masamba ngati Facebook, Instagram ndi TikTok. Lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza zipangizo zamakono m'maphunziro linachenjeza kuti umboni wosakondera wakuti zipangizozi zimathandiza ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa ogulitsa zipangizozo. Mayiko amenewa ali ndi magetsi, ali ndi intaneti yothamanga, ana awo ali ndi mafoni m'matumba. Alawa, ndipo akubwerera m'mbuyo. Ife tikuuzidwa kuti tithamangire kumene iwo akuchokako, ndi ndalama za makolo amene akusowa ya feteleza.

Komanso kutsalira kwenikweni n'kuti? Kugwiritsa ntchito WhatsApp mwana amakuphunzira pa masiku awiri. Agogo amene sanapondeko m'kalasi amatumiza mawu pa foni bwinobwino. Kuwerenga ndi kumvetsa ndime kumatenga zaka zitatu kapena zinayi za mphunzitsi, buku ndi kope. Mwana wodziwa kuwerenga akadzagwira foni ali ndi zaka 14 adzaipeza yosavuta, adzatha kusiyanitsa uthenga woona ndi wa akuba onamizira kuti wapambana mphoto. Mwana wosadziwa kuwerenga, ngakhale mutamupatsa foni ali ndi zaka 6, adzangokhala woonera mavidiyo, ndipo pa M-Pesa adzachita kupempha wina kuti amuwerengere ndalama zake. Wotsalira ndi ameneyo. Kuwongola mtengo n'poyamba, ndipo poyamba pa mwana wa pulayimale ndi zilembo.

Mfundo yachiwiri inandikhudza kwambiri, chifukwa ndi imene inandichititsa kutsegula tsamba lino. Anati chilankhulo chimene sichili pa intaneti chidzafa, choncho ana athu azilemba Chinyanja kumeneko. Ndikuvomera theka loyamba. Chinyanja chiyenera kukhala pa intaneti, cholembedwa bwino, chokamba za ulimi, za malamulo, za sayansi, za zonse. Koma imeneyo ndi ntchito yathu akuluakulu: aphunzitsi, atolankhani, abusa, ophunzira a ku yunivesite, inu amene mukuwerenga. Tisasenzetse ana katundu amene ife tikumuzemba. Ndi angati mwa ife amene amalemba ndime yathunthu m'Chinyanja osathawira ku Chipwitikizi pa chiganizo chachitatu? Amene adzalembe Chinyanja chabwino pa intaneti zaka khumi zikubwerazi ndi mwana amene lero akuphunzira kuchilemba m'kope. Tikamudumphitsa kope sipadzakhala wolemba.

Tisaiwalenso kuti bwalo limeneli si lathu. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, pa nthawi ya zionetsero za pambuyo pa chisankho, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa m'dziko muno ndipo Facebook ndi WhatsApp zinkakanika kutseguka. Za ndale sindilowamo pano. Ndikungokumbutsa kuti inali nthawi yoyandikira kumapeto kwa chaka cha sukulu, ndipo mphunzitsi amene ntchito yake yonse inali m'gulu la WhatsApp anangoti kakasi. Mtengo wa mamega ukhoza kukwera mawa. Kampani ya ku America ikhoza kusintha malamulo ake osatifunsa. Buku likalowa m'chikwama cha mwana ndi lake, kaya magetsi azima, kaya netiweki yathawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kuti musanene kuti ndimangokana, nazi zimene ine ndimachita ndipo ndipitiriza. Foni ili m'manja mwa mphunzitsi ndi chida chabwino. Magulu a aphunzitsi apitirire, ndipo achuluke. Ndi mmene timathandizirana kupeza mawu a Chinyanja a masamu, kugawana nkhani zazifupi zimene talemba tokha pamene mabuku achedwa, ndi kufunsana pamene buku la mphunzitsi silikumveka. Chaka chatha ndinapempha agogo ena a m'mudzi wapafupi kuti andisimbire nthano ziwiri, ndinawajambula mawu ndi chilolezo chawo, n'kukawamvetsera ana m'kalasi pa kasipika kakang'ono. Titamvera tinalemba pa bolodi mawu atsopano, ana anakopera, ena anajambula kalulu. Foni inagwira ntchito mphindi zisanu, zotsalazo zinali za choko ndi pensulo. Nthanozo ndinatumizira anzanga a ku Macanga, iwonso ananditumizira zawo. Kwa makolo amene ali ndi WhatsApp ndimatumiza uthenga wa mawu m'Chinyanja wonena za tsiku la msonkhano kapena la katemera, koma uthenga womwewo ndimaulembanso m'kope la mwana aliyense ndi kuupereka kwa anyakwawa. Foni imangothandizira. Mwana amene kwawo kulibe foni sataya kanthu.

Pempho langa kwa akulu a sukulu ndi kwa makolo a mu conselho da escola ndi ili. Nkhaniyi ikafika pa msonkhano wanu, gwirizanani zinthu zomveka ndipo zilembedwe. TPC iliyonse izilembedwa pa bolodi ndi kukopedwa m'kope ana asanaweruke. Mwana asalangidwe kapena kuchotseredwa malikisi chifukwa cha chinthu chimene chinatumizidwa pa foni. Mphunzitsi asamalemberane ndi mwana payekha, uthenga uzipita kwa kholo. Nkhope ya mwana isaikidwe pa tsamba lililonse popanda kholo kuvomera litafotokozeredwa m'chilankhulo chake. Sukulu isatsegulire mwana wa pulayimale akaunti. Ndipo amene ali ndi ndalama zotithandizira, asanatigulire mamega atifunse chimene tikusowa. M'kalasi mwanga ana atatu kapena anayi amaunjikana pa buku limodzi la Chinyanja, ndipo kupatula bukulo palibe china chilichonse cha m'chilankhulo chawo choti awerenge. Tipatseni mabuku a nthano, mapepala, choko ndi denga losadontha, ndipo mudzabwere kumapeto kwa chaka mudzamve ana akuwerenga.

Kwa mlendo wathu, ngati mawu awa akufikani: bwerani, achimwene, mudzakhale nafe sabata imodzi nthawi ya dzinja. Mudzagone kumudzi, osati pafupi ndi nsanja. Ndidzakupatsani kalasi yanga tsiku limodzi, mudzatumize TPC pa WhatsApp, ndipo m'mawa mwake tidzawerengere limodzi makope amene abwera atalembedwa. Mukadzapambana ndidzalemba pompano kuti ndinalakwa.

Aphunzitsi a ku Katete, Chadiza, Mchinji, Dedza ndi Lichinga, ndikudziwa kuti nkhaniyi yafikanso kwanu. Amene munayesa magulu a makalasi, tiuzeni m'munsimu kuti ndi ana angati amene ankayankha pa ana angati. Amene mukutsutsana nane lembani momasuka, koma lembani m'chilankhulo chathu, ndi mavawelo onse.